Mbale yamaluwa ya a Tobias

Eya, ndiye azakhali ake a Fyness aja, a Belita, anatsika kabaza Lachiwiri atanyamula chikwama chopanda kanthu kkkk. Akuti abwera kudzalongeza zovala za mchimwene wawo abwerere naye kwawo ku Kaduya. Mchimwene wawoyo ndi a Tobias, bambo ake a Fyness, mkamwini wa kuno ku Mkhumba zaka naintini. Munthu wa ana anayi kufuna kumutenga ngati mbuzi yosokera.

Nkhani yake inali ya m'mimba. Chiyambire nthawi yothyola nandolo a Tobias amangodandaula kuti m'munsi mwa chifuwamu mukuwotcha, akadya pang'ono akhuta, kugeya kosalekeza, thalauza mpaka kumangira chingwe. A Belita atamva anati palibe zofunsa apa, alamu awo a Rozaria, mayi ake a Fyness, anawadyetsa kondaine ndiye wapyola muyeso. Umboni wawo unali mbale. Paja mkamwini sadyera limodzi ndi apongozi, ndiye chikwatirire a Tobias amadya okha pakhonde, m'mbale yawoyawo yamaluwa. Pakhomo anthu seveni onse ali gwa, wodwala ndi wa mbale yapadera yekhayo. Ukamva mothamanga zimamveka ndithu, Fyness naye mutu unazungulira.

Ankhoswe anati nkhani ikambidwa Loweruka. A Rozaria ankangosenda chinangwa chawo, ndipo kumjigo anasiya kupita chifukwa azimayi amati akawaona nkhani n'kuduka. Fyness anaona kuti Loweruka likafika zili chonchi, bambo ake apita ndithu.

Lachitatu anajomba kusukulu n'kuwakakamiza apite kuchipatala cha kuboma. Anayamba akana, akuti amwa kale soda ndi mkaka, koma mwanayo anakhala pakaliyala ya njinga osatsika mpaka anagonja. Kuchipatalako anawapatsa kabotolo koti aikemo chimbudzi. Bambo wamkulu ndi kabotolo kkkk, anakabisa m'chipewa n'kumayenda chipewa chili m'manja ngati akulowa m'tchalitchi.

Zotsatira zitabwera, adokotala, mayi wa magalasi wosachedwa kuseka, anati apeza kachilombo ka bakiteriya kotchedwa H. pylori, ndipo zikuoneka kuti kawachititsa zilonda m'chifu. A Tobias anangogwedeza mutu kufuna kunyamuka. Fyness ndi amene anafunsa.

"Adokotala, nanga bwanji akudwala okha? Ife tonse tili bwino."

Adokotala anatembenuza pepala n'kujambula kanthu kopotana, kali ndi timichira. Anati kachilomboka kali m'mimba mwa anthu ambiri kuno, mwina oposa theka, ndipo ochuluka amafika pokalamba osadziwa n'komwe. Asidi wa m'chifu amapha tizilombo tina koma iko kamatulutsa zinthu zoziziritsa asidiyo pamene kalipo, kenako n'kusambira ndi timichira take kukabisala m'mamina amene amakuta khoma la chifu. Koma tizilomboti si tonse tofanana ayi. Tina tili ndi kajakisoni kobayira khomalo n'kuthiramo chinthu chotchedwa CagA chimene chimasokoneza maselo, tina timatulutsa poizoni wamphamvu, VacA, wopanga timaenje m'kati mwa maselo. Toterotu ndi timene kawirikawiri timabweretsa zilonda, ndipo tikakhala zaka zambiri osachizidwa, kwa anthu ena zimafika pa khansa. Anati kuno alibe makina oyezera kuti ndi mtundu uti. Anawonjeza kuti matupi nawo amasiyana, ndipo fodya ndi mapilitsi a msana ogula pagolosale aja zimakolezera moto. A Tobias anayang'ana kudenga, chingambwe chikuoneka bwinobwino m'thumba la malaya kkkk.

Kenako anati anthu ambiri amakatenga ali ana aang'ono, kudzera m'malovu a owalera, madzi oipa kapena manja osasamba, n'kukhala nako moyo wonse. Fyness analemba zonsezo kumapeto kwa kope la Bayoloje. Mankhwala anawapatsa mitundu itatu ya masiku folotini, osadumphitsa, osagawirako munthu, ndipo akasanza magazi kapena kupweteka kukapanda kusintha abwerere msanga.

Loweruka anthu anakhala kuseri kwa khola, ankhoswe awiri pamipando, azimayi pamphasa. Mwana sayankhula pa nkhani ya ankhoswe, ndiye Fyness ntchito yake inali yopereka thobwa, koma kope analimanga m'chiuno mkati mwa chitenje. A Belita anayankhula mpaka thobwa linatha m'makapu. Anafotokoza za mbale, za kuwonda, za maloto awo, kenako analoza a Tobias n'kudzigunda pachifuwa.

"Mwana uyu ndinamulera ine mayi atamwalira. Chinangwa ndinkamutafunira ndi mano angawa n'kumuika m'kamwa, mtedza chimodzimodzi. Lero andiphere munthu wina ine ndikuona?"

Fyness atamva zimenezo anakumbukira za malovu zija. Anayang'ana bambo ake, bambo akewo anapempha ankhoswe kuti mwana awerenge zimene ananena adokotala, poti iwo maso savuta koma mayina ake ndi ovuta. A Makina, nkhoswe ya kuchimuna, anati awerenge.

Anawerenga atagwada. Za timichira anthu anaseka, za kajakisoni a Makina anagwira pamimba pawo. Atafika pa mzere wa malovu mawu anayamba kuchepa mpaka a Makina anati abwereze, sanamve. Anabwereza. A Belita anamuloza chala.

"Ndiye iwe mwana wa dzulodzulo ukuti ndine?"

"Ayi azakhali, adokotala sanatchule munthu. Mwina ndi chitsime cha kwanu, mwina ndi zina. Angoti kanalowa adakali mwana, amayi asanawadziwe n'komwe."

A Belita anati zimenezo ndi za m'makope, makolo athu onse anakula ndi zotafuniridwa. A Makina anavomera kuti n'zoona, naonso anakula nazo, koma zaka naintini mbale ndi yomweyo, wophika ndi yemweyo, kondaine wake wotani wodikira ana anayi abadwe kaye. Nkhoswe ya kuchikazi inangoti apo ndiye mwanena. Kenako onse anatembenukira kwa mwini mimba.

"Achemwali, munandilera, sindikana," anatero a Tobias. "Koma ine sindikupita. Atsala masiku leveni a mankhwala, ndipo wondiwerengera mapilitsi m'mawa ndi madzulo ndi a Rozaria."

A Rozaria anangonyamuka kukatenga ndowa n'kulunjika kumjigo masanasana, anthu onse akuona.

A Belita sanapepese, usaganize kkkk. Anagona, m'mawa osadya n'komwe anati Fyness awaperekeze kumsewu. Atadutsa munda wa chinangwa anayang'ana uku ndi uku n'kumukoka dzanja. Akuti iwonso chiyambire chaka chatha akadya kalongonda m'chifuwa mumawotcha, ndiye khomo lake ndi liti kuchipatala kuja, ndipo kodi anthu amakuona ukamapereka kabotoloko. Fyness anadziluma mlomo kuti asaseke mpaka kabaza inanyamuka, atagwirizana kuti akumana pageti ya chipatala Lolemba. Itangokhota anakhala pansi pamsewu pomwepo kuseka, n'kumulembera Gracious, mnzake wa desiki imodzi, zonse mmene zinayendera. Gracious sanachedwe kuyankha.

"Kkkkkk Fyness iwe undipha. Aperekeze basi, ndi azakhali ako, asafe ndi manyazi. Koma kope la Bayolojelo undibwereke lero lomwe, kwathu kuno amayi akumamutafunira mtedza mwana wa achemwali tsiku ndi tsiku, ine ndekha sangandimvere."