Makangaza Atatu M'maloto a Mbarka

"Ndikufunseni chinanso, Lalla Mbarka," anatero Dokotala Widad, pomutchula ndi mawu aulemu oitanira amayi kumeneko, akumasula lamba woyezera magazi pamkono pake. "M'nyumba mwanu muli munthu wobetcha?"

Mbarka anatsitsa mkono wa mkanjo wake pang'onopang'ono. Iye anabwera pachipatala chaching'ono cha m'dera lawo mumzinda wa Sale kudzangotenga mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Mafunsowo anavomera chifukwa cha ulemu, poti dokotalayo anati akuchita kafukufuku wa mabanja amene njuga yawalowerera, ndipo mayina salemba.

"Kubetcha ayi," anayankha. "Amuna anga amangosewerako za akavalo, mwa apo ndi apo."

"Mwa apo ndi apo ndiye kangati pasabata?"

"Akavalowo akamathamanga."

"Nanga amathamanga liti?"

Mbarka anaseka mwamanyazi. "Inu adokotala, akavalo amenewo alibe tsiku lopuma. Bulu wa wogulitsa makala ali bwino, amapumako Lachisanu."

Dokotala anafunsa za ntchito ya mwamunayo. Mbarka anafotokoza kuti Bushta ndi wometa, ndipo kanyumba kake kometera kanagundana khoma ndi malo omwera khofi kumene amuna amatsatira mpikisano wa akavalo pakanema ndi kugula matikiti. Dokotala anafunsanso ngati Bushta anapambanapo kwambiri atangoyamba kumene. Eya, kamodzi, mpaka anagula firiji. Kenako dokotala anatsitsa mawu.

"Asanayambe zimenezi, panagwa zovuta zilizonse pabanja panu?"

Mbarka anayang'ana kukhoma. "Mwana wathu Sanaa anatisiya. Patha zaka zitatu. Anali mmodzi yemweyo."

Dokotala anaika cholembera pansi. "Mulungu akulimbitseni mtima, Lalla. Mwa anthu amene tacheza nawo, zimenezi zikubwera kawirikawiri: malo obetchera kukhala pafupi, kupambana koyambirira, ndi chisoni chimene munthu sanachilire. Ndikuchenjezeni chinthu chimodzi. Inu mumaopa tsiku limene aluza, koma loopsa kwambiri ndi tsiku limene apambana. Lachitatu lililonse timakumana pano ndi mabanja otere. Mudzabwere nawo."

Mbarka anathokoza, natenga mankhwala ake. Kubwera naye Bushta? Kukanakhala kosavuta kunyamula firiji ija pamutu.

Kunena zoona, ndalama si zimene zinkamudya mtima Mbarka. Umphawi anauzolowera kuyambira ali mwana. Chimene chinkamupweteka chinali chakuti Bushta, chibwerereni koika maliro, sanatchulepo dzina la mwanayo. Kumanda sanapondekonso. Ngakhale mkazi wake anasiya kumuitana kuti amake Sanaa, ankangoti "iwe" basi. Mbarka ankafuna chinthu chimodzi chokha, munthu woti azikumbukira naye mwanayo, woti iye akati "ankadana ndi anyezi," winayo aziti "koma shuga ankaba." Padziko lonse munthu wodziwa zimenezo anali Bushta yekha, ndipo Bushtayo maso ake anali pa akavalo.

Lachisanu m'mawa Mbarka anadzuka maso atatupa. Anaika buledi ndi mafuta a azitona patebulo, nathira tiyi m'matambula. Anayesetsa kudzigwira, koma mawu anatuluka okha.

"Ndamulota Sanaa."

Ankayembekezera kuti mwamunayo adzuka n'kutuluka monga mwa masiku onse. Koma Bushta anaika tambula pansi, namuyang'ana kumaso.

"Fotokoza bwino, amake Sanaa."

Mbarka sanakhulupirire makutu ake. Zaka zitatu! 

"Anali pakhomo apo," anayamba. "Atavala diresi lachikasu lija, longʼambika thumba. Atanyamula makangaza pachifuwa, akuseka."

"Makangaza angati?"

"Atatu. Limodzi linkafuna kugwa, iye n'kulipanikiza ndi chibwano."

Bushta anamwetulira, ndipo m'maso mwake munalengeza misozi. Misoziyo inali yeniyeni, pamenepo palibe angamunamizire. "Ndi mmene ankachitira. Umbombo wa kwanu uja. Panalinso chiyani?"

"Nkhunda ziwiri pawindo."

"Ziwiri. Nanga iye anali wamkulu bwanji? Monga akanakhalira lero?"

"Ayi, monga anatisiyira. Zaka zisanu ndi chimodzi, mano akutsogolo atagweluka."

Anacheza mpaka tiyi anazizira. Anakumbutsana za tsiku limene Sanaa anameta mphaka wa eni nyumba ndi lumo la bambo ake, ndipo Mbarka anaseka akulira. Atalimba mtima anapempha chimene ankachiopa.

"Abambo ake a Sanaa, lero ndi Lachisanu. Tipitire limodzi kumanda?"

"Tikatuluka kumzikiti ndibwera, tidye, tipite," anatero Bushta, natuluka mofulumira.

Tsiku limenelo Mbarka anaphika kusikusi, chakudya cha timibulu ta tirigu, ndi ndiwo zamasamba za mitundu isanu ndi iwiri ngati kukubwera alendo. Anadzaza botolo la madzi okathira pamanda, nagula masamba onunkhira kwa mayi wogulitsa pakona. Anasita ngakhale mkanjo woyera wa mwamuna wake. Amuna anatuluka kumzikiti, m'makwerero mukumveka nsapato zawo, zitseko za anthu zikutseguka ndi kutsekeka. Chawo chokha sichinagogodedwe. Kusikusi anazizira m'mbale. Kuitana kwa pemphero la chakumadzulo kutamveka, Mbarka ananyamula botolo lake nanyamuka yekha.

Kumanda anazula udzu, nathira madzi, nayala masamba aja. Sanakwiye ayi. Ankamuikira kumbuyo mwamunayo kwa mwana wake. "Abambo ako atanganidwa, mwanangu. Lachisanu anthu ometetsa amachuluka. Koma lero akutchula dzina. Sabata yamawa abwera, uwaona."

Pobwerera, asanafike ndi pakhomo pomwe, anamva fungo la nyama yowotcha. Lalla Zhor, mnansi wawo wa chipinda chapansi, mayi wa pakamwa posatseka, anamuchingamira pamakwerero akululutira.

"Afika aneneri athu! Iwe Mbarka, tikukhala nawe nyumba imodzi, tikubwerekana mchere, osatiuza kuti tulo tako timabala ndalama? Ine ndimangolota apongozi anga akundithamangitsa ndi tsache!"

"Mukunena chiyani, Lalla Zhor?"

"Kwera ukaone wekha, mwali!"

M'nyumba munali anthu. Patebulo panali mwendo wa nkhosa, mabotolo a zakumwa ndi bokosi la makeke. Bushta anaima pakati, nkhope ikuwala kuposa tsiku la ukwati wawo. Atamuona mkazi wake anatukula kapepala m'mwamba.

"Amake Sanaa! Kavalo wachitatu, wachiwiri, wachisanu ndi chimodzi! Alowa ndondomeko yomweyo, ngati wawaitana mayina! Makangaza, nkhunda, zaka. Mwana wathu watikumbukira!"

Mbarka anangoti kakasi, botolo lopanda madzi lili m'manja. Poyamba sanamvetse. Kenako mafunso a m'mawa aja anabwerera limodzilimodzi. Angati? Panalinso chiyani? Anali wamkulu bwanji? Anakhala pansi pafupi ndi chitseko pamene anthu amavulira nsapato.

Alendo anaona nkhope yake, phokoso linazima. Lalla Zhor, ngakhale anali wolongolola, sanali wopusa. Anawakankhira anthu kunja mmodzimmodzi, natseka chitseko.

"Nanga watani?" anafunsa Bushta. "Anthu akusangalala, iwe ukuchita ngati kwagwa maliro."

"Ndinakudikirani."

"Ndinati ndingogula tikiti ndibwere. Ndiye mpikisano unachedwa kuyamba. Ukanafuna ndichoke osaona?"

"M'mawa muja, pamene ndimakuuzani za mano ake, inu mumawerenga?"

Bushta anayang'ana kumbali. "Ndimamvetsera."

"Mumawerenga?"

"Zonse ziwiri!" anakalipa. Kenako mawu ake anafewa, anagwada pafupi naye. "Tamvera, mkazi wanga. Ukuganiza kuti ine sindimusowa? Ndikamameta mwana wa munthu wina ndimangoona iye. Kumanda kuja sindingathe, ndikafika pachipata mpweya umandithera. Koma ndikakhala pa akavalo mutu umati zii, sindiganiza kanthu. Lero ndi tsiku loyamba limene ndamva kuti ali pafupi. Watumiza yekha manambalawa. Mawa ndipita kwa wosema miyala, timuikire mwala wokongola, wolembedwa bwino, osati kathabwa tinazika kaja."

Apa ndi pamene Mbarka anamva chisoni chenicheni, chifukwa anaona kuti mwamunayo sakunama. Ankakhulupiriradi zimene ankanenazo. Munthu wabodza ukhoza kukangana naye, nanga uyu ukanamutani?

"Pamanda a mwana wanga musaikepo kanthu kochokera pa kapepala ako," anatero motsitsa. "Kathabwa kaja kakwanira. Ngati mukufuna kumuchitira chinthu, Lachitatu tipite kwa Dokotala Widad. Kumakumana anthu amene akavalo awagwira ngati inu."

"Kuchipatala? Lero lomwe ndapambana?" Bushta anaseka, naimirira. "Odwala ndi amene amaluza, mayi. Ine ndapeza njira. Iwe ungochita chimodzi: akabweranso, uyang'anitsitse. Uwerenge chilichonse, mabatani, masitepe, mbalame. Usadzuke msanga."

Mbarka anamuyang'ana nthawi yaitali. Anali yemweyo, Bushta wa ndevu zometa bwino, amene ankanyamula Sanaa pamapewa kupita naye kunyanja. Anadzuka, naika botolo pamalo pake, natenga mwendo wa nkhosa uja pamodzi ndi makeke. Anatsika nazo kwa Lalla Zhor.

"Dyani ndi ana," anatero. "Kwathu tili ndi kusikusi wa masana."

Lachitatu anapita yekha kuchipatala. Anakhala kumbuyo pakati pa amayi ena asanu ndi bambo mmodzi wokalamba. Dokotala Widad sanamufunse za mwamuna wake, anangomugwira phewa potuluka.

Mwezi umenewo Sanaa anabweranso kawiri. Ulendo wina anali akuthamanga padenga pakati pa zovala zoyanika, ulendo wina anangokhala pamwendo pa mayi ake akuwodzera. Mbarka ankadzuka mtima utadzaza, mawu ali pakamwa penipeni, Bushta ali patsidya pa tebulo ndi maso odikira.

"Walota, amake Sanaa?"

"Ayi. Mankhwala atsopanowa akundigonetsa ngati mwala."

Ankatero akuthira tiyi, ndipo mwamunayo akatuluka ankalowa kukhitchini kukalira. Tsopano analibenso woti amuuze, ndipo khomo limenelo anatseka ndi iye mwini.

Bushta anafunsa m'mawa uliwonse kwa sabata ziwiri, kenako anatopa. Tsiku lina Mbarka akusesa pakhomo anamumva pansi pa makwerero akupereka moni waulemu kwa Lalla Zhor. Anamufunsa za ana, za miyendo yake yotupa, kenako anatsitsa mawu.

"Lalla Zhor, apongozi anu aja akamakuthamangitsani kumaloto, amakhala ndi matsache angati?"

Mbarka anaimika tsache lake pakhoma, nalowa m'nyumba.