Mafuta a Lusubilo ndi Jeke ya Kalabu

Mwezi wa Malichi ukamatha, ku Kaluluma kulibe dzanja loyera. Fodya wam'munsi amakhala atauma m'zigafa, wakunsonga akadali m'munda, ndipo munthu mmodzi yemweyo amafunika konsekonse. Idah ankalawirira kukathyola mame asanakamuke, n'kubwerako manja ali bii ndi phula la fodya. Phula limeneli sopo salidziwa. Anzake ankalikwecha ndi mchenga, ena parafini. Iye anayesa zonsezo mpaka zala zinachita ming'alu.

Za manjazo sankadandaula. Chinkamusowetsa mtendere ndi Lusubilo, mwana wake wa miyezi isanu ndi iwiri. Masaya, khosi ndi kuseri kwa mawondo zinali zitauma n'kutuluka totupa tofiira, ndipo mwanayo ankadzikanda mpaka timagazi. Kusikelo, mlangizi wa zaumoyo anaona mwanayo, kenako anakhalitsa pa manja a mayi wake.

"Mumamugwira ndi manja amenewa?"

"Nanga ndili ndi ena?"

Mlangiziyo sanaseke. Anati asiye sopo wonunkhira, azimudzoza mafuta opanda fungo, phulalo lizichoka kaye asanamunyamule, ndipo pakayamba mafinya abwere msanga.

Pobwerera Idah anadzera pa golosale ya Rahila, amene anakhala naye benchi imodzi mpaka sitandade seveni. Mafuta onse a pashelefu anali onunkhira maluwa. Rahila anasuzumira pamsana, n'kuona masaya a mwana, ndipo analowa m'nyumba kuseri kwa sitolo. Anatuluka ndi kabotolo kotalika ngati chikhatho.

"Awa ananditumizira achemwali anga a ku Joni. Ndi a njere za kameliya, mtengo wapachibale ndi tiyi. Ine ndimadzola kumaso ndi m'mutu. Akuti kwawo kumene amachokera amakazingira ndiwo. Ngakhale amuna anga a Osman amapukutira mipeni kuti isachite dzimbiri, mpaka ndinawabisira."

"Zodula izi, Rahila."

"Ndakuuza mtengo ngati? Yamba wamupaka pang'ono pamkono, uone mawa. Si mankhwala, usasiye zimene akuuza kusikelo."

Idah ananunkhiza. Sanamve kanthu. Anadontheza kamodzi pachala, mafutawo analowa m'khungu osasiya kunyezimira.

Anakonza lamulo lake. Akaweruka kumunda, madontho anayi m'manja kuti phula lifewe, kenako sopo ndi madzi ofunda. Akatero, madontho asanu kwa mwana. Tsiku lachinayi kufiira kwa m'khosi kunali kutazilala, ndipo Lusubilo anagona masana onse osadzikanda. Idah anali m'chigafa akusoka masamba ndi mwamuna wake Yakobe, ndipo chifukwa mtima unali utapepuka, analankhula kwambiri. Ananena zonse: zoti alibe fungo, zokazingira ndiwo, za mipeni ya a Osman.

"Alibe fungo m'pang'ono pomwe?" anafunsa Yakobe, osadzutsa mutu.

"Olo pang'ono."

Lachinayi kunabwera jeke, chitsulo chodindira fodya m'mabelo. Inali ya kalabu ya alimi, inkayenda nyumba ndi nyumba, ndipo kwa Yakobe inayenera kukhala masiku awiri okha. Inali itagona pachinyontho dzinja lonse. Chitsulo chake chopota chinali chofiira ndi dzimbiri, moti amuna awiri anachikoka n'kungomva kulira. Ena akanathira oilo wakuda wa njinga yamoto. Yakobe sakanayerekeza: chaka chatha dontho limodzi la oilo linagwera m'belo, ogula ananunkhiza, beloyo inabwerera kuchokera ku okushoni.

Idah anachokera kumunda dzuwa lili pamutu, mtolo wa masamba pamutu, msana ukuwawa ngati wamenyedwa. Lusubilo anali pamphasa ndi agogo ake, akulira. Idah anauza mwanayo kuti adikire, amayi asambe kaye. Anapisa dzanja kuseri kwa chitini cha mchere, kumene ankasunga kabotolo kaja. Panalibe kanthu. Anayang'ana pawindo, pansi pa bedi, m'thumba la kusikelo.

Kenako anamvetsera. Kuchigafa jeke sinkaliranso.

Anapeza Yakobe akupukusa ndi dzanja limodzi, belo yoyamba itayima kale pambali m'chiguduli chake. Chitsulo chinali chikunyezimira kuyambira pamwamba mpaka pansi. Kabotolo kanali pa njerwa, chivundikiro pambali, m'kati mwatsala muyezo wa chala chimodzi chopingasa.

"Taonani, amake Lusu," anatero Yakobe akumwetulira. "Yafewa ngati yatsopano. Mnzanu uja sananame."

Idah anatola kabotolo, anatseka, n'kukayang'anitsa padzuwa.

"Mafuta a mwana awa."

"Ndangotapako."

"Mwatapako. Munali odzaza mpaka apa."

"Yayi, musayambe. Jeke ikupita Loweruka kwa a Levison. Mumafuna ndithire oilo wakuda, mabelo abwerere ngati chaka chatha? Fodyayu si wa mwana yemweyo?"

"Ophikira sanalipo?"

"Ophikira amanunkha nsomba, mwakazingira usipa kawiri. Inuyo munanena nokha kuti awa amachotsa dzimbiri."

Zinali zoona, ananena yekha. Idah anakhala pa mulu wa ziguduli. Mphamvu zokalipa analibe. Zinali zitatsala kumunda. Kwa Rahila sakanabwereranso, munthu wakupatsa botolo lake lokhalo sukamuuza kuti lamwedwa ndi chitsulo. Kunyumba Lusubilo anali akulirabe, kulira kwa njala kosakaniza ndi kuyabwa, ndipo mabere a Idah anali atayamba kudontha. Anayang'ana manja ake akuda, anayang'ana chala chimodzi cha mafuta. Akamagawana ndi mwana, sabata sikwana. Akamusiyira mwana yekha, mwina afika nawo kumapeto kwa kuthyola. Koma akasiya kutsukira manja, phula lomwelo libwereranso pamasaya a mwana.

"Mwati yafewa?" anafunsa.

"Kwabasi. Olo mwana atha kupukusa."

"Tapatukani."

Anakulunga manja m'chitenje kuti phula lisadetse chogwirira, n'kukoka. Chitsulo chinatsika mwakachetechete, fodya wouma n'kumaphwanyika mokoma m'bokosi. Anakokanso kawiri.

"Chabwino," anatero. "Kuyambira lero jeke ndi yanga. Kusankha wouma ndi kwanga. Wamuwisi sindimugwiranso mpaka mwana apole. Kuthyola ndi kusoka ndi kwanu."

Yakobe anaseka. "Kudinda ndi ntchito ya amuna. Anthu aziti chiyani?"

"Aziti jeke ya kwa a Yakobe ndi yofewa."

"Mizere yatsala ija ndithyole ndekha? Masamba apsera m'munda."

"Muzilawira. Mafuta anga osambira m'manja ali apo," analoza chitsulocho ndi mlomo. "Mukafuna ndibwerere kumunda, akombeni muwabwezere m'botolo."

Yakobe anatsegula pakamwa, koma kulira kwa Lusubilo kunakwera, ndipo mayi ake a Yakobe anaitana kuchokera pakhonde: "Apongozi, mwanayu wakanda tsaya lija." Yakobe anavula chipewa, anakanda m'mutu, n'kuchivalanso. Anatola singano ndi chingwe pamene Idah ankazisiya, n'kukakhala pa mtolo wa masamba aawisi.

Tsiku limenelo Idah anachotsa phula ndi mchenga komaliza. Ming'alu inatseguka, madzi a m'beseni anasanduka ofiirira. Anaumitsa manja, anayamwitsa mwana, kenako anadontheza madontho atatu, osati asanu: tsaya ili, tsaya ilo, khosi. Kabotolo anakamanga pa mfundo ya chitenje cham'chiuno, ndipo sikanachokenso pamenepo.

Kudinda sikunali kopepuka monga anaonetsera. Pofika belo yachitatu mapewa anali moto, fumbi la fodya wouma litamutseka pakhosi. Amuna odutsa pamsewu ankachepetsa njinga kuti aone bwino, wina mpaka anafunsa ngati a Yakobe akudwala. Idah anangopitiriza kupukusa. Jeke itapita kwa a Levison, anatsala ndi kusankha: kukhala pansi tsiku lonse, tsamba ndi tsamba, lofiirira uku, loyezuka uko, miyendo itachita dzanzi. Yakobe ankachoka kukadali mdima, n'kumabwera manja ali bii. Masamba a mizere iwiri yakumapeto anapsera m'munda. Nkhani imeneyo Yakobe anainena kamodzi, Idah anangoti wamva.

Mafuta anatha tsiku limene phesi lomaliza linatsala lopanda tsamba. Kusikelo mlangizi anatembenuza mutu wa Lusubilo uku ndi uku. Pamasaya panali patangotsala timabala touma tiwiri.

"Mwamupaka chiyani?"

"Otsala ku jeke," anatero Idah, akumanga mwana kumsana. Kunyumba kunali fodya wosasankha wodzaza theka la chigafa, ndipo dzuwa linali litakwera kale.