Mphaka Wachiwiri M'nyumba ya Sajeni

"Taonani, amayi! Taonani nokha, musadzati ndikunamizira mphaka wanu."

Atelala anatambasula diresi loyera patebulo la pabalaza. Linali la mkwatibwi wina, analisoka sabata ziwiri, ndipo cha m'chiuno munali chibowo cholowa zala zitatu. Makoswe anali atalilawa.

Agogo, amene anali apongozi a Atelala, anayang'ana chibowocho, kenako anayang'ana pansi pa mpando pomwe mphaka wawo Sajeni anagona. Sajeni anali atakhala m'nyumbamo zaka khumi ndi zisanu. Mano anamutsalira anayi, miyendo yakumbuyo ankachita kuikoka, ndipo khoswe ankatha kumudutsa pamphuno iye n'kungotsegula diso limodzi.

"Ndinanena ine kuti nsalu za eni musamazisiye pamashini," anatero Agogo. "Ndinanena."

"Mumanena zonse, amayi. Za magetsi mumanena, za mpeni mumanena. Nanga makoswewa tiwauze kuti Agogo ananena?"

Adalaivala, mwamuna wa Atelala komanso mwana wa Agogo, ankayendetsa galimoto yonyamula katundu koma anali pa tchuthi tsikulo. Anaika kapu ya tiyi pansi.

"Basi, lero lomwe tikatenge mphaka wina."

"Tikatenge," anavomera Atelala. "Koma mundimvetse nonse awiri. Nkhondo ya amphaka pakati pa nsalu za anthu sindikuifuna. Akamenyana, Loweruka achimwene anga adzatenga wokalambayu, akakhale ku makola awo a nkhuku."

Agogo anayang'ananso pansi pa mpando. Ku makolako kunali agalu atatu, ndipo Sajeni sankatha kukwera ngakhale pampando. Sakanatha tsiku limodzi kumeneko. Enawo akukonzeka, Agogo anawerama, nasolola thaulo lakale lomwe Sajeni ankagonapo, nalipinda n'kuliika m'chikwama osauza munthu.

Kuseri kwa sitolo ya mankhwala a ziweto kunali mayi wina wosunga amphaka osowa eni. Anthu ankangomutchula Make Amphaka. Tsikulo oti n'kutengedwa analipo awiri: kamwana ka miyezi iwiri, koyera ngati thonje, ndi wamkazi wamkulu wa zaka zisanu ndi chimodzi, wotuwa, khutu limodzi long'ambika.

Kamwanako sikanadikire n'komwe. Kanakwera siketi ya Atelala mpaka m'manja, n'kuyamba kuwanyambita chala.

"Ayi, nkhani yatha," anaseka Atelala. "Aka tikalera tokha, kazolowera pakhomo, kakhala nafe zaka zambiri. Bambo, bweretsani katoni."

"Dikirani kaye, apongozi," anatero Agogo. "Kamwana kotere sikadziwa kutopa. Kazimudumphira pamsana m'mawa ndi masana. Msana wake uja mukuudziwa. Tsiku lina adzakapanda, mudzati wayambitsa ndewu ndi iye."

"Ndiye mukufuna uyu wa khutu lodyedwayu? Wina wapenshoni ali kale pansi pa mpando. Nyumba yanga isanduke kosungirako okalamba?"

Mawuwo atatuluka, Atelala anagwira pakamwa. Mwamuna wawo anayang'ana kudenga ngati kuli chinachake cholembedwa.

"Tilimo kale awiri," anayankha Agogo mosakweza mawu. "Wachitatu sangakuvuteni."

Make Amphaka anatsokomola, napereka kakhadi kwa Agogo. "Mbiri ya wamkuluyu ili apa, agogo, ndi katemera wake yemwe."

"Mupatseni mwana wangayo, ine pepala silindiuza kanthu. Ndikufuna ndione mchira."

Anatulutsa thaulo lija naliyala pansi. Linali ndi ubweya wa Sajeni ndi fungo lake lonse.

"Amayi, mwanyamula chisanza chimenechi m'galimoto yanga?" anafunsa Adalaivala.

"Khala chete, iwe. Apongozi, katsitseni kanuko."

Kamwana kaja kanalumphira thaulolo ndi miyendo yonse inayi. Kanaluma ngodya, kanagubuduka nalo, kanalipalasa ndi zikhadabo zakumbuyo mpaka ulusi kutuluka. Adalaivala anaseka. Agogo sanaseke.

"Ukuseka? Ameneyo ndi Sajeni ali pansipo."

Make Amphaka anachotsa kamwanako n'kutsegulira wamkulu uja. Mphakayo anabwera pang'onopang'ono, natambasula khosi, nanunkhiza m'mphepete mwa thaulo kawiri. Mchira sunafufume. Sanalipondepo. Anabwerera m'mbuyo pang'ono, nakhala pansi chapatali, nkhope atayang'anitsa kwina.

"Mwaona?" ananong'ona Agogo. "Wadziwa kuti malowa ali ndi mwini wake."

"Ulemu ndauona," anatero Atelala. "Koma ine sindinabwerere ulemu. Amagwira?"

"Anakulira mophikira buledi mpaka anatsekamo," anayankha Make Amphaka. "Ufa wa kumeneko sunadyedwepo. Kanu kokongolako, mayi, kadzayamba kugwira khoswe miyezi ingapo ikubwerayi. Pakali pano khoswe wamkulu akhoza kukathamangitsa. Ndipo ulusi wanu muubise, kamameza."

Atelala anakasisita kamwanako komaliza, nakabweza m'khola mwake. Sanayang'ane apongozi awo.

"Titenga wamkuluyu, koma mawu anga aja sanasinthe. Akamenyana, Loweruka."

M'njira monse Agogo ankachenjeza. Asaonane lero. Asaonane mawa. Watsopanoyu alowe m'chipinda chosokera, chitseko chitsekedwe, azimvana fungo pansi pa chitseko basi. Adalaivala ankangoti "Eya, amayi, eya," maso ali pamsewu, ndipo aliyense wodziwa ana akanazindikira kuti sakumva kanthu.

Atafika, iye ndiye ananyamula katoni. Agogo anali akadalimbana ndi bondo potsika galimoto pomwe anamva mwana wawo akulankhula mokondwa pabalaza.

"Sajeni, dzuka bwanawe, kwabwera alendo! Mlendo salowa kuchipinda asanapereke moni."

"Usatsegule!" anakuwa Agogo.

Pofika pakhomo, katoni inali yotsegula kale. Sajeni anali atatuluka pansi pa mpando, msana atauthyola, ubweya uli nyankhalala, akulira kulira kwa pansi pa mmero komwe sanalirepo zaka zambiri. Miyendo yakumbuyo inkanjenjemera. Wotuwa uja anali atanyonyomala pakati pa balaza, makutu atagona. Pakati pawo panali mtunda wa mkono umodzi. Atelala anaima pakhomo la kukhitchini, foni ili m'manja.

"Asasunthe munthu," anatero Agogo chapansipansi. "Iwe, manja ako akhale pomwepo. Ukamugwira mmodzi, winayo alumpha."

"Ndimati adziwane, amayi..."

"Tseka pakamwa."

Sajeni anatsogoza phazi limodzi, nafwenthera, mano ake anayi ali poyera. Agogo anaona kuti akangoponya dzanja agwa chammbali, ndipo zikatero mphaka aliyense amamaliza wakugwayo. Anagwira chimango cha chitseko.

Wotuwayo anaphethira. Anatembenuza mutu pang'ono, kenako thupi lonse, nayenda chokwawa m'mphepete mwa khoma osayang'ana m'mbuyo. Chipinda chosokera chinali chotsegula. Analowamo. Agogo, bondo lomwe lija, anafika pachitseko msanga kuposa mwana wawo n'kuchikoka.

"Sanamenyane," anatero, akuyang'ana Atelala m'maso. "Mwaona nokha. Sanamenyane."

"Lero ndi Lachiwiri, amayi," anayankha Atelala, nalowetsa foni m'thumba.

Koma Sajeni analowa pansi pa bedi la Agogo ndipo anakana kudya. Lachitatu sanadye. Lachinayi anangonyambita madzi. Mphaka wokalamba akasiya kudya masiku atatu, musamayembekeze zabwino, ndipo Agogo ankadziwa zimenezi. Anayamba kudzifunsa ngati sanamupulumutse kwa agalu n'kumuphera m'nyumba. Mwana wawo ankayenda monyang'ama, osayerekeza kufunsa.

Atelala nawo ankasoka chitseko chili chotseka, kutentha konseko, thukuta likutsikira m'khosi. Aliyense wogogoda ankamva Agogo ali kumbuyo kwake: "Mulowe chammbali, muyang'ane kumapazi."

Lachisanu m'mawa Agogo anaika mbale ya watsopanoyo mkati, pafupi ndi chitseko, ndipo ya Sajeni anaiika kunja kwake, patali pang'ono. Anatenthetsa chakudyacho kuti chinunkhire. Kenako anakhala pansi m'khonde la m'nyumba, miyendo atatambasula, osamuitana.

Panapita nthawi yaitali. Sajeni anatulukira akukoka miyendo. Ananunkhiza kampata ka pansi pa chitseko, nafwenthera kamodzi, mopanda mphamvu. Mkatimo munkamveka kutafuna. Anaima kumvetsera. Kenako anatembenukira mbale yake n'kuyamba kudya, pang'onopang'ono, ndi mbali imodzi ya pakamwa.

Chitseko chinatseguka pang'ono, Atelala n'kutuluka chammbali atanyamula fosholo ya zinyalala. Pafosholopo panali khoswe wonenepa, mchira uli lende.

"Ndamupeza pansi pa mashini," anatero. Anayang'ana Sajeni ndi mbale yake yofika pakati. Anakataya khosweyo kunja, nasamba m'manja, natenga foni. "Achimwene? Mawa musavutike n'kubwera. Ayi, akhala konkuno."

Atadula foni anafunsa, "Ndiye chitsekochi tingatseguleko tsopano, amayi? Ndikupsa m'menemu."

"Sabata inanso," anatero Agogo. "Ndipo amuna anuwo asayandikire."

Atelala anapumira m'mwamba, nabwerera ku mashini awo, n'kudzitsekera okha.