Timitsamiro ta Thonje

Azakhali a malemu anapisa dzanja pansi pa sutikesi, natulutsa kanthu kosokedwa ngati kamtsamiro, n'kukaponya pamphasa ngati kawaotcha.

"Mayo ine! Ichi n'chiyani?"

Anapisanso, natulutsa kena, kenanso. Amayi amene anakhala pansi pa mtengo wa nimu kudikira kugawana zovala za malemu Anna anasendera m'mbuyo. Mitu yawo, yometedwa dzulo lake potsiriza mwambo wa maliro, inkanyezimira ndi thukuta la ku Ngabu.

"Zithumwa," ananong'ona wina, ndipo ena onse anavomereza ndi maso.

Evelesi, mng'ono wake wa malemu, anakhala pomwepo, mkono wamanja ataupanikiza pachifuwa. Timitsamiroto ankatidziwa bwino.

Azakhali anaitanitsa Lorenso, mwamuna wa malemu. Anabwera nanjuta chapatali, chipewa chili m'manja.

"Apongozi, ife pamaliro tinakhala chete poopa manyazi," anayamba azakhali. "Posambitsa mwana wathu tinapeza bere lakumanzere palibe, pali chipsera ngati posoka thumba. Tsitsi palibe. Lero tikupeza izi. Mutiuze pano, bere la mwana wathu munapita nalo kuti? Mukufuna kukhwimira chiyani?"

"Amayi, inali khansa," anatero Lorenso. "Analichotsa kuchipatala ku Blantyre. Mwini wake ndiye anandiletsa kuuza kumudzi."

"Nkhabe, bodza limenelo! Munthu angadulidwe bere ife abale ake kwa Mlolo osamva?"

Komatu zinathekadi, chifukwa Anna anali Anna. Mkazi uja kumveredwa chisoni ankadana nako kuposa matendawo. Chotupa anachibisa mpaka chinaphulika, akuyenda kwa azitsamba ndi kumapemphero, ndipo pofika kuchipatala madzi anali atafika kale m'khosi. Atamuchita opaleshoni anatenga thonje la m'munda mwake, nachotsa njere, nasoka timitsamiro toika m'kamisolo. Anamanga duku n'kubwerera kumsika kukagulitsa matemba ake. Mankhwala a m'diripi akamutembenuza m'mimba, ankasanza kuseri kwa benchi, n'kutsuka m'kamwa, n'kubwera akuseka makasitomala kuti ndi ouma manja.

Chimene azakhali sankachidziwa, ngakhale Gilbert mwamuna wake wa Evelesi, n'chakuti Evelesi naye anali nacho. Kachotupa kake kanali kolimba ngati nthanga ya chipatso cha masawu, m'bere lakumanja. Atamuonetsa Anna, Annayo sanalire. Anamukalipira, namukoka mpaka ku Blantyre, komwe anamupima n'kumuuza kuti ndi khansa yomweyo, koma yapezeka msanga. Madokotala anati abwere sabata ino adzachotse berelo.

Kenako Anna anamwalira, ndipo Evelesi anatsimikiza mumtima kuti sapita. Kudula anadula, tsitsi linathothoka, zikhadabo zinada, munthu n'kufabe. Ndiye apitirenji? Mantha anamugwira. Akayang'ana ana ake ankangowaona ali amasiye, kaya apite kaya akhale.

"Bweretsani moto," analamula azakhali. "Ndipo mumve nonsenu. Kaya ndi apongozi, kaya ndi achipatala, mwana wa mtundu uno asadzapitenso kukadulidwa ngati mbuzi ya pamsika."

Mayi wina anabweretsa makala paphale. Azakhali anakankhira kamtsamiro koyamba pamoto ndi kamtengo, osafuna kukakhudza. Kanayamba kufuka. Lorenso anaphimba nkhope ndi chipewa, mapewa akugwedezeka.

Fungo la thonje lopsa litamufika, Evelesi sanadziwe kuti wadzuka nthawi yanji. Anawolera totsalato, nang'amba kamodzi ndi mano.

"Onani! Muli mizu umu? Muli fupa? Thonje lokhalokha ili, azakhali! Achemwali ankaika m'kamisolo kuti anthu asawaloze chala. Alamuwa musawanamizire, ndi amene ankawatsukira chilonda ife tili kwathu."

Thonje linamwazikira pamphasa. Amayi aja anasuzumira, wina natolako n'kulifikisa ndi zala.

Pamenepo ndi pomwe Evelesi anaona kamtsamiro komaliza. Kanali kakang'ono kuposa tinzake, ndipo nsalu yake sinali ya Anna. Inali yachikasu ya maanga a nkhanga, ya chitenje chake iye Evelesi, chomwe anachipeza tsiku lina chitadulidwa pakona n'kutukwana makoswe. Ulusi wake unayenda mokhotakhota, pena motalikirana. Mbali imodzi inali yosasoka, singano itabayidwa pomwepo.

"Alamu, aka?"

Lorenso anapukuta m'maso. "Kameneko anasoka atagona kale, manja akukana. Singano ndinkamulowetsera ulusi ndine. Ndinamuuza kuti apume, anati ndisamusokoneze, si kake."

Evelesi anagwada. Kulira kumene anakumeza pamaliro ponse kunatuluka kamodzi, koipa, kopanda mawu. Anagwira dzanja la azakhali nalikokera pachifuwa pake. Azakhali anafuna kulibweza, koma iye analipanikiza.

"Gwirani, azakhali. Gwirani apa. Nanenso ndili nacho."

Zala za azakhali zinakapeza. Nkhope yawo inagwa ngati khoma lonyowa.

"Mwananga, iwenso? Ndiye adula?"

"Akuti adula. Akuti ine ndafulumira, achemwali anachedwa. Koma ndikuopa, azakhali. Ndikuopa kupita, ndikuopa kukhala. Gilbert sindinamuuze. Akandiona ndili ndi limodzi adzati chiyani?"

Mphepo yotentha inagubuduza thonje kulowera kufumbi.

"Mlamu," anatero Lorenso chapansipansi, "anandisiyira mawu, koma ndinkasowa poyambira. Anati mbali yosasokayo waisiya dala. Thonje mudzawonjezere nokha, lofanana ndi linzakelo, ndipo mudzatseke nokha mukabwerako."

"Mukabwerako," anabwereza Evelesi, akuyang'ana ulusi wokhotakhotawo.

Azakhali anakankhira phale la moto kutali, nakwawa ndi maondo pamphasa kutola thonje lija, lina kulithamangira kufumbi n'kuliuzira. Analiunjika m'dzanja la Evelesi, nam'pindira zala.

"Sunga," anatero. "Lingadzachepe."