Zilembo Ziwiri pa Envelopu

Prisca ankasita jekete la bambo ake pakhonde pamene iwo anamupatsa envelopu. Inabwera m'mawa womwewo ndi munthu wa njinga amene anakana ngakhale kukhala pansi. Kalata ya m'kati inali yaifupi: mlendo wa chipani afika pa sitima ya Ilala masana, anthu onse akasonkhane pa doko. Imeneyo bambo akewo, a Longwe, anali atawerenga okha. Chowavuta chinali kunja.

"Iwe unapita ku sekondale. Ichi n'chiyani?"

Chala chawo chinali pa mzere wotayipa: Ex-Chairman Mackford Longwe.

Kwa zaka zisanu ndi zinayi zimene anatsogolera nthambi ya chipani ku Mwaya, makalata ankabwera olembedwa Chairman basi. Zilembo ziwiri zatsopanozo Prisca ankazidziwa. Ali Fomu 2, aphunzitsi a Chingerezi anazilemba pa bolodi, nati zimaikidwa patsogolo pa udindo umene munthu anali nawo koma tsopano alibe. Mnyamata wina atafunsa ngati zingaikidwe pa udindo uliwonse m'dziko muno, aphunzitsi anafufuta bolodi msangamsanga.

"Ada, mwina wotayipa analakwitsa."

"Sindinafunse za wotayipa."

Prisca anaika simbi pamwala. "Akutanthauza munthu amene anali tcheyamani."

"Anali."

"Inde, ada."

"Wochotsedwa, kapena wopuma yekha?"

"Onse awiri. Angerezi sasiyanitsa."

"Angerezi alibe ayufi," anatero a Longwe, osaseka.

Mayi ake, a NyaManda, anatulukira m'khitchini manja ali ndi ufa wa chinangwa. "Musapiteko. Tinena kuti mukudwala malungo."

"Tcheyamani wodwala tsiku la mlendo? Anena kuti ndanyoza."

"Ndiye kakhaleni kumbuyo ndi anthu."

"Ngati ndidakali tcheyamani, ndiye kuti ndathawa mpando. Ndikakhala kutsogolo ndisali tcheyamani, andinyamula pamaso pa tauni yonse." Anatembenuza envelopuyo ngati kumbuyo kwalembedwa yankho. "Ndalakwanji? Makhadi a chipani ndinagulitsa onse. Prisca, pita kwa Watson ukamve."

A Watson anali mlembi wa nthambiyo, ndipo ankasoka zovala pakhonde la sitolo pafupi ndi msika. Dzana lomweli anadya nawo kondowole kunyumba kwa a Longwe. Prisca anagwada pambali pa mashini. A Watson sanasiye kupondaponda.

"Ada andituma. Akufunsa za kalata."

"Kalata yake yomweyi ya mlendo? Nanenso ndalandira."

"Pa envelopu yawo alemba mosiyana."

"Ine Chingerezi changa n'cha Sitandade 6, mwanawe." Anadula ulusi ndi mano. "Kawauze a Longwe kuti mipando ndaika isanu ndi iwiri, monga mwa nthawi zonse."

"Wawo ulipo?"

"Mipando ilibe mayina."

Pobwerera, Prisca anayenda pang'onopang'ono pakati pa malichero a usipa. Mipando isanu ndi iwiri: imeneyo inali nkhani yabwino, ndipo akanatha kunena yokhayo. Koma zaka zisanu ndi zinayi zonsezo sanamvepo a Watson akutchula bambo ake kuti a Longwe. Kutchalitchi, kumaliro, ngakhale pa bawo, anali a tcheyamani. Kodi chimenecho n'chinthu choti mwana wamkazi n'kuuza bambo ake? Mwina lilime la a Watson linangoterereka. Mwinanso wotayipa uja analakwitsadi, ndipo iye akawachotsa bambo ake pampando ndi pakamwa pake.

Anawapeza atavala kale jekete, baji ili pachifuwa.

"Akuti mipando ndi isanu ndi iwiri."

"Basi?"

Prisca anayang'ana pansi. "Anati, kawauze a Longwe."

A Longwe anamanga batani lomaliza.

Masana doko linali lodzaza. Amayi ovala nsalu za chipani ankaimba, ayufi a malaya ofiira akukankhira anthu kumbuyo kwa chingwe. Prisca anaima pakati pa amayi, pakamwa pakuyenda koma mawu osatuluka. Anaona bambo ake akudutsa chingwe. Palibe anawaletsa, palibenso anawalonjera. Anafika pa mpando wapakati, wa tcheyamani, anatulutsa mpango wa m'thumba n'kuupukuta bwinobwino. Sanakhalepo. Anaima kumbuyo kwa mpandowo ataugwira ndi manja awiri, ngati munthu wosungira mlendo malo.

Mipando isanu inadzaza. Wa mlendo ndi wapakatiwo inatsala. Ilala inalira kuseri kwa phiri, nyimbo inakwera, ndipo a Watson anatulukira m'gulu atavala suti imene Prisca anali asanaionepo. Anayenda maso ali kunyanja, n'kukhala pa mpando wapakati.

Mwendo umodzi wa mpandowo unali pa dothi lofewa, ndipo unayamba kupendekeka. A Longwe anaulimbitsa ndi bondo, osausiya.