Zilembo Ziwiri za a Gerevazio

AI, pulogalamu ya pakompyuta yowerenga ndi kuyankha ngati munthu, inayenda bwinobwino masamba awiri a malangizo. Itafika pa lachitatu inaima, n'kumufunsa Kettie funso.

Kettie ndiye anapereka pulogalamu ya malemu a Gerevazio Zikhalo ku bungwe losunga mapulogalamu a sayansi, pofuna kuti ntchito ya aphunzitsi akewo isafere m'kompyuta. Pulogalamuyo imawerenga chibadwa (DNA) cha chiwawu cha mbatatesi, matenda aja opsereza munda wonse pa sabata imodzi, n'kunena mtundu wake. Koma masiku ano oyendetsa mapulogalamu otere si anthu okha. AI nayo imawerenga malangizo n'kugwira ntchito payokha. Choncho abungwe anamutumizira mayeso: aipatse AI malangizowo, asainong'oneze kanthu, aone ngati ikafike kumapeto. Ikafika, pulogalamu yalowa. Ikakakamira panjira, basi.

Funso la AI lija linali laulemu mokwiyitsa. "M'mafayilo muli danga lolembedwa dz kapena ch. Pulogalamu ikugawa zotsatira potengera zilembo zimenezi, koma malangizo sakunena tanthauzo lake. Kodi zikuimira chiyani?"

Kettie anaseka. Nzeru zonse zija zimene anthu amaitamira, kulephera kanthu koti mwana wa sitandade 4 angayankhe! Dz ndi Dedza, ch ndi Chongoni. Anayamba kulemba, koma analekeza pakati pa mawu. Nanga ngati ndi dzinja ndi chilimwe? Kwawoko mbatatesi amalima kawiri, kumunda dzinja, kudimba chilimwe. Ngati zilembozo ndi malo, ndiye kuti chiwawu choopsacho chili m'midzi ya ku Chongoni. Ngati ndi nyengo, ndiye kuti chimabisala m'madimba n'kudikira mvula. Mlimi ungamuuze ziti?

A Gerevazio anamuphunzitsa sayansi ku sekondale. Atapuma pantchito, m'malo moweta nkhuku ngati anzawo, anadziphunzitsa kulemba mapulogalamu, n'kumazungulira panjinga kuyambira ku Mphunzi mpaka m'mphepete mwa nkhalango, kutola masamba odwala m'maenvulopu. Kulemba malangizo kokha ndiye kunkawagwetsa ulesi. Ankamuimbira foni ku Lilongwe: "Kettie, ubwere Loweruka tikhale pansi, ulembe zimene zili m'mutu mwangamu." Iye ankati, "Ndibwera, aphunzitsi," ndipo ankanenadi ndi mtima wonse. Kenaka kunkabwera ukwati wa mnzake, msonkhano, chimfine. Pomaliza anangowalembera malangizo masana amodzi ali muofesi, okongola ndithu, a mitu ndi manambala. Analemba zimene iye ankadziwa, poganiza kuti zotsalazo adzafunsa. Chaka chatha mu Julaye anapitadi kwa aphunzitsiwo ku Kabwazi Loweruka, koma kunali kumaliro.

Tsopano anakweranso minibasi. Anawapeza a Rozina, akazi a malemuwo, atakhala pakhonde potsata kadzuwa, atafunda juzi ya amuna awo, akusankha nyemba m'lichero. Atalonjerana, Kettie anafotokoza za mayeso aja ndi zilembo ziwirizo.

"Dikirani, mwanangu," anatero a Rozina. Analowa m'nyumba n'kutulutsa katoni yonunkha chinyezi.

Munali maenvulopu oposa mazana atatu. Kettie anawatembenuza imodziimodzi, kufunafuna deti kapena dzina la mudzi. Pa envulopu iliyonse panali nambala ndi zilembo zomwe zija, zolembedwa bwino ngati pabolodi. China panalibe. Anamva mkwiyo, kuti munthu wophunzira chotere angasunge bwanji zaka zisanu ndi chimodzi za ntchito m'mutu. Mkwiyowo sunakhalitse, chifukwa ankadziwa amene anaitanidwa kudzazitulutsamo.

"Sanakuuzenipo, mayi? Ngakhale mongocheza?"

"Ine? Yanga inali kuyanika masamba pawindo basi. Ndikafunsa ankati ndi zakusukulu." A Rozina anataya kanyemba kofumbwa pabwalo. "Koma kuchipatala kuja ndinawafunsa. Ndinati bambo, nanga chintchito chanuchi mukusiyira ndani? Anati Rozina, usadandaule, zonse akudziwa ndi Kettie."

Kettie anayang'ana pansi. Akanatha kungosankha tanthauzo limodzi, n'kulilemba m'malangizo. AI ikanakhulupirira, ikanafika kumapeto, abungwe akanavomera. Ndipo tsiku lina mlangizi akanauza alimi zolakwika m'dzina la a Gerevazio. Zimenezo sakanatha. Fomu ya abungwe inali m'chikwama mwake, ndipo pa funso lakuti kodi malangizo akufotokoza danga lililonse, yankho analidziwa kale.

"Ndiye yalowa, eti?" anafunsa a Rozina, nkhope ikuwala. "Dzina lawo likaonekako kunjako?"

"Siilowa, mayi," anatero Kettie. "Aphunzitsi anakuuzani zimene ankayembekeza. Ine sindikudziwa."