Pulopozo ya Enelesi

"Alamu, pepala ili simungapite nalo ku esiteti," anatero Cornelius akuliponya pa benchi. "Pulopozo ya m'Chichewa, yolemba pamanja? Akakusekani."

Enelesi analitola n'kulisasa fumbi. Esiteti ina ya fodya cha ku Chisemphere inkafuna munthu woidzalira mitengo ya zigafa, ndipo inalengeza kuti ofuna ntchitoyo alembe m'mene adzaigwirire. Enelesi anali ndi nazale yake ya mbande. Cornelius, mng'ono wa malemu mwamuna wake, anali ndi kompyuta ndi Chingerezi.

"Ndilemba ine, m'dzina la kampani yanga," Cornelius anapitiriza. "Inu muzingobweretsa mbande. Mutu umodzi susenza denga."

"Dengalo ndalisenza ndekha zaka zisanu, inu muli pamthunzi. Tandiuzani, ndi mtengo uti umene chiswe sichiudya?"

"Zimenezo timafufuza pa foni."

"Nsalu yobwereka savinira, alamu. Ndipita ndekha."

M'mawa mwake anapalasa njinga mpaka ku esitetiko, kumene kale iye ndi mwamuna wake anali matenanti. Kalaliki anamuzindikira.

"Aganyu amalembetsa kuseri, mayi."

"Sindinabwerere ganyu. Ndikufuna a manijala."

Manijalayo, mayi Consolata, anawerenga pepalalo mwachifatse. Munali zonse: mitengo ya keshya kumtunda, msangu m'minda, kudzala pa mvula yachiwiri, ndipo mbande ikafa Enelesi adzabwezeretsa yekha.

"Mwalemba zomveka," anatero. "Koma ena onse avomera kudzala bulugamu kudambo. Inu nokha mwalemba mzere wokana."

"Padambopo pali chitsime cha matenanti anu. Ndatungapo madzi ndi manja awa. Bulugamu adzachiumitsa."

"Eni esiteti amafuna bulugamu, amakula msanga." Mayi Consolata anamukankhira cholembera. "Fufutani mzere umenewu, ntchito ndi yanu."

Enelesi anachiyang'ana cholemberacho. Anaganiza za mbande zake zodikira m'machubu, mizu itayamba kale kuboola pansi. Kenako anachibweza.

"Mzere umenewo sindifufuta. Mukafuna woumitsa chitsime, mapepala ake ndi awo ali pa tebulowo, a Chingerezi chabwino."

Enelesi anaimirira n'kumanga bwino chitenje chake. Atafika pakhomo anamva mpando ukukwekwereza kumbuyo.

"Taimani," anatero mayi Consolata akuvala majombo. "Chitsime chimenecho sindinachionepo. Tsogolani."